Mayi wa sikete ya nthochi uja ndi yemweyu wa yunifomu?

Mwana wa Chanco: Anthuni ndithandizeni kaye ndisanapenge. Ndaona zithunzi ziwiri lero pa Facebook, china mtsikana wavala nthochi m'chiunomu basi, kumtundaku kuli timikanda tokha, china mzimayi wachikulire wavala yunifomu ya usilikali mamendulo ali waliwali pachifuwa, akuyankhula pa maiki ku Washington tsiku lomwe Martin Luther King anayankhula za maloto ake lija. Nde akuti ndi munthu mmodzi, Josephine Baker. Zoona zimenezi kapena ndi zopanga pa kompyuta zamasiku anozi?

Dolo wa Ndirande: kkkk nthochi zake zakupsa kapena zophika? Tiyambire pamenepo kaye

Ticha Opuma: Ndi zoona mwanawe, ndi munthu mmodzi. Cha nthochicho ndi cha 1926 ku Folies Bergère ku Paris, ali ndi zaka 20, cha yunifomucho ndi cha pa 28 August 1963, ali ndi zaka 57. Ndipo iwe Dolo sizinali nthochi zenizeni, zinali zopanga, zenizeni zikanaphwanyika asanamalize gule.

Mai Mvano: Ine chithunzi choyambacho ndachiona ndipo ndachifufuta mufoni mwanga, ana amagwira foniyi. Munthu wovulira azungu kuti aziomba m'manja lero tizimutchula womenyera ufulu? Ufulu wake uti? Ine nde ayi, tisamakometse zinthu.

Ticha Opuma: Amayi dikirani ndikuuzeni komwe anachokera kenako muweruze bwino, sindikukuletsani. Anabadwa pa 3 June 1906 ku St. Louis m'chigawo cha Missouri, dzina lake lenileni Freda Josephine McDonald. Mayi ake Carrie ankachapa zovala za anthu. Ali ndi zaka 8 zokha anamutumiza kukagwira ntchito yapakhomo kwa azungu, ndipo mzimayi wina anamuotcha manja chifukwa anathira sopo wambiri pochapa. Mu July 1917 ali ndi zaka 11 azungu anaukira anthu akuda ku East St. Louis, kutsidya chabe kwa mtsinje wa Mississippi, kupha anthu ndi kutentha nyumba zawo, iye zimenezo anazikumbukira moyo wake wonse. Pa zaka 13 anali atakwatiwa kale, banja linatha, pa 15 kukwatiwanso ndi Willie Baker, dzina la Baker analitenga kumeneko ndipo mwamunayo atasiyana naye dzinalo sanabweze.

NaBanda: Pa sopopo a Ticha mwandikhudza. Ine anandichotsa kumudzi ndili ndi zaka 10 eti tikamulipirire sukulu mtauni, sukulu yake sindinaione olo chitseko. Kudzuka 4 koloko kukoleza mbaula, kukolopa, kusambitsa ana oti ena msinkhu wanga womwe, kugona kukhitchini pa chiguduli pafupi ndi thumba la makala, tsiku lomwe ndinaswa fulasiki anandimana nsima masiku awiri ndinkangokokota mkute mumphika usiku anthu atagona. Nde ndikuuzeni a Mai Mvano, nthawi imeneyo munthu akanabwera nkundiuza kuti vina apa upeze pothawira, sindikanafunsa kuti ndivala chani. Sindikunena kuti nzabwino, ndikungonena kuti wokhuta ndi wanjala saona mofanana.

Mai Mvano: Pepani asisi pa zomwe munadutsamo, zimenezo nzoipa ndipo zikuchitikabe m'makomo mwathumu, ena ochita zimenezo timakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi. Koma inuyo simunavule, munapirira mpaka lero muli pabwino.

NaBanda: Sindinavule chifukwa palibe anandipatsa tikiti ya ku Paris amayi kkkk

Dolo wa Ndirande: NaBanda 1, Mvano 0

Adimini: Dolo usasonkhezere moto. A Ticha pitirizani, anafika bwanji ku France munthu wa ku America?

Ticha Opuma: Anayamba kuvina m'misewu ya St. Louis, kenako kutsatira magulu oyendayenda, mpaka New York komwe analowa mu shoo ya anthu akuda yotchedwa Shuffle Along. Anamuika kumapeto kwenikweni kwa mzere wa atsikana ovina, nde iye m'malo mobisala kumeneko ankachita dala ngati waiwala masitepe, kupotoza maso, kupinda miyendo, anthu nkumaseka, mapeto ake onse ankangoyang'ana iye osati ovina bwinowo. Mu 1925 anakwera sitima yapamadzi ndi gulu lina kupita ku Paris ndipo pa 2 October anatsegula La Revue Nègre ku Théâtre des Champs-Élysées. Anali ndi zaka 19. Gule womaliza ankamutcha Danse Sauvage, ndiye kuti gule wa anthu akutchire, atavala nthenga. Paris yonse inapenga. Pasanathe zaka zingapo anali m'gulu la osangalatsa anthu olipidwa kwambiri ku Ulaya, mafilimu, mafuta a tsitsi a dzina lake otchedwa Bakerfix, mpaka kuyenda ndi chilombo chonga kambuku chija amati cheetah chitavala mkanda wa dayamondi, dzina lake Chiquita.

Mwana wa Chanco: Eya a Ticha apa mpamene ine ndikuvutika, ndipo vuto langa si la a Mai Mvano, ine thupi lake ndi lake. Vuto langa ndi loti mtsikanayu anali asanapondepo Africa, wa ku Missouri weniweni, koma azungu a ku France anamuveka nthenga ndi nthochi kuti akhale "Mwafrika" wa m'mitu mwawo, wakutchire, wosavala, wongogwedeza chiuno. Nthawi imeneyo France yomweyo ikulamulira Senegal, Ivory Coast, Madagascar, Algeria, anthu akugwira thangata kumanga njanji ku Congo nkumafa. Mu 1931 ku Paris komweko Afalansa anachita chionetsero cha atsamunda komwe anthu ochokera m'maiko olamulidwa ankawaika kuti azungu aziwaonerera. Nde iye anadya bwino pa chithunzi chonyoza ifeyo, si choncho?

Nasi wa ku Leeds: Funso limeneli ngakhale ophunzira kunoko amakangana nalo mpaka lero. Ena amati ankawaseka azunguwo pamaso pawo, mukaonera timavidiyo take takale pa YouTube muona kuti pakati povina amapotoza maso ndi kutupitsa masaya ngati akuti "si izi mumafuna, nazotu". Ena amati olo ankawaseka koma iwo sanamve kuti akusekedwa, anangopita kunyumba atatsimikiza zomwe ankaganiza kale za munthu wakuda. Ine ndimaona ngati zonse ziwiri nzoona.

Mwana wa Chanco: Komanso pali china chomwe anthu amadumpha. Mu 1935 Mussolini, wolamulira wa Italy, ataukira Ethiopia mayiyu anayankhula zomuikira kumbuyo, poganiza kuti akukathetsa ukapolo kumeneko. Ethiopia ya Haile Selassie, nthawi yomwe anthu akuda ku Harlem ku New York ankalembetsa kuti akamenyere Ethiopia!

Ticha Opuma: Zimenezo nzoona ndipo sindimuikira kumbuyo, analakwitsa kwambiri. Mu 1952 anakagwirizananso ndi Perón, wolamulira wa Argentina. Pa ndale anali munthu wotengeka mtima msanga, wina akangomuuza kuti ndikudana ndi tsankho iye basi wakhulupirira.

Mjoni: Ine ndangolowa, ndawerenga zonse. Nde yunifomu ija anaitenga kuti? Kapena inali kositumu ya pa siteji?

Ticha Opuma: Ayi achimwene, yeniyeni. Mu 1937 anakwatiwa ndi Jean Lion, Mfalansa wachiyuda, nkukhala nzika ya France. Nkhondo itayamba mu 1939 akazitape a boma la France anamulemba, yemwe ankagwira naye ntchito anali Jacques Abtey. Nzeru yake inali yosavuta, munthu wotchuka amaitanidwa kumaphwando a akazembe a Italy, Japan ndi ena, anthu akamwa vinyo amayankhula zambiri pamaso pa mkazi yemwe akumuona ngati wovina chabe. Iye ankamvetsera, nkukalemba. Germany italanda Paris mu 1940 anakana kuimbira a Nazi, anapita ku chinyumba chake cha Les Milandes ku Dordogne nkumasungako anthu othawa. Chakumapeto kwa chaka chomwecho anadutsa Spain kukafika ku Lisbon, Abtey akunamizira kuti ndi wa m'gulu lake la zoimba, uthenga atalemba ndi inki yosaoneka pa mapepala a nyimbo, timapepala tina atabaya ndi phini mu zovala zamkati. Pa boda apolisi m'malo momusecha ankamupempha kuti awasainire.

Dolo wa Ndirande: Nde mukuona a Mai Mvano, nthochi zomwe zija ndi zomwe zinamudutsitsa pa boda

Mai Mvano: Iwe mwana ndinakuona uli ndi mamina, usandiyese mnzako.

Dolo wa Ndirande: Pepani amayi ndatseka pakamwa

Ticha Opuma: Koma nthabwala ya Dolo ili ndi choona mkati. Mu 1941 anapita ku Morocco, kumeneko anadwala zoopsa, anakhala m'chipatala ku Casablanca kupitirira chaka, maopaleshoni angapo, mpaka mbiri inamveka ku America kuti wafa. Atadzuka anayamba kuimbira asilikali a mbali ya de Gaulle, mtsogoleri wa Afalansa okana kugonjera Germany, ndi anzawo kumpoto kwa Africa, ndipo ankakana zoti asilikali akuda a ku America akhale paokha azungu paokha. Anamupatsa udindo wa sous-lieutenant mu nthambi ya amayi ya asilikali a ndege. Mamendulo mwaona aja muli ya Résistance, Croix de guerre ndi Légion d'honneur, ziwiri zomalizazi anamuveka mu 1961 ku Milandes komweko.

Mjoni: Munthu wotere kwawo ku America ankamulandira bwanji?

Nasi wa ku Leeds: Apa nde poseketsa pomvetsa chisoni. Mu 1936 anabwerera kukachita shoo ya Ziegfeld Follies ku New York, manyuzi anamunyoza, anabwerera ku Paris mtima utasweka. Nkhondo itatha anapitanso ndi mwamuna wake wachinayi Jo Bouillon, mahotela oposa 30 ku New York anawakaniza chipinda. Nde mu 1951 anabwera atakonzeka. Kalabu ya Copa City ku Miami inkamufuna, iye anati ndiimba pokhapokha akuda ndi azungu alowe onse akhale limodzi, apo ayi sungani ndalama zanu. Anavomera. Miami ya 1951 imeneyo, komwe munthu wakuda sankaloledwa olo kugona ku Miami Beach. Ulendo wonsewo lamulo lake linali lomwelo, ndipo ankayankhulanso za Willie McGee, bambo wakuda yemwe anaphedwa ndi boma la Mississippi mu May chaka chomwecho pa mlandu womwe anthu ambiri ankati sunayende mwachilungamo. A NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda ku America, anamusankha kukhala mayi wa chaka, pa 20 May ku Harlem kunali tsiku lake anthu kudzaza misewu.

Ticha Opuma: Kenako October, nkhani ya Stork Club. Kalabu ya anthu apamwamba ku Manhattan, analowa ndi anzake, anaitanitsa nyama, ena onse akudya iye kudikira pafupifupi ola lathunthu chakudya osabwera. Anatuluka kukaimba foni, kenako a NAACP anabwera ndi zikwangwani pakhomo. Anadzudzulanso mtolankhani wamphamvu Walter Winchell yemwe anali momwemo kuti anangoonerera. Winchell anamubwezera pa wailesi ndi m'nyuzi kuti mayiyu ndi wa chikomyunizimu, ndipo nthawi imeneyo ku America mawu amenewo ankatha munthu. Mashoo anayamba kuthetsedwa, a FBI kumutsegulira fayilo, visa kuvuta, zaka zambiri osaimbanso bwino kwawo.

Mjoni: Ya ola lathunthuyo ine ndikuidziwa ndi thupi langa. Chaka chatha ine ndi madamu tinalowa malo ena odyera kuno ku Joni, tsiku lokumbukira ukwati wathu, madamu atamanga duku latsopano ine jekete. Palibe anatithamangitsa, palibe anatitukwana, anangotikhazika pa tebulo la pafupi ndi chitseko cha ku toileti nkutiiwala. Anabwera pambuyo pathu analandira supu, kudya, kulipira. Weta akadutsa amayang'ana pamwamba pa mitu yathu ngati pakhomapo pali TV. Chowawa nchakuti ukadandaula ukuoneka ngati wamisala ndiwe chifukwa palibe umboni, angoti kukhitchini kwachuluka ntchito. Ife tinangonyamuka mwakachetechete nkukagula chipisi panjira, mugalimoto osayankhulana mpaka kunyumba. Nde munthu woti anaimirira nkukuwa, podziwa kuti ataya ndalama, ine ndimuvulira chipewa olo anavala nthochi olo anavala chinangwa.

Mai Mvano: Zimenezo za Miami ndi za kalabuyo sindimazidziwa, ndivomere. Pamenepo anachita chamuna. Koma sizikufufuta zoyambazo.

Mwana wa Chanco: Nanga ku Washington ananena chani?

Nasi wa ku Leeds: Ananyamuka ku France dala kudzakhala nawo, anthu pafupifupi 250,000. Amayi sanapatsidwe mpata wokwanira tsiku limenelo, Daisy Bates anayankhula mawu ochepa chabe, Josephine ndi amene anayankhula motalikirapo. Mawu omwe anthu amakumbukira ndi oti analowapo m'nyumba za mafumu ndi mapulezidenti koma kwawo ku America sakanatha kulowa mu hotela nkugula kapu ya khofi, ndipo zimenezo zinkamukwiyitsa. Komano taonani zomwe anasankha kuvala, osati diresi la nthenga, yunifomu ya France. Ngati akuwauza kuti dziko la eni linandipatsa mamendulo, inu kwathu mukundimana khofi.

Mwana wa Chanco: Koma France yomweyo inali itangomaliza kumene nkhondo ya ku Algeria mu 1962, ndipo mu October 1961 apolisi a ku Paris anapha anthu a ku Algeria ochita zionetsero ena kuwaponya mu mtsinje wa Seine. Tsankho la ku America ankaliona bwino, la ku France ankalitsinzinira diso.

Nasi wa ku Leeds: Apo sindikutsutsa. Ifenso kunoko timatero, dziko lomwe lakupatsa pepala ndi ntchito umachita manyazi kulinena, umangoti bola kuno.

NaBanda: Ana anali nawo?

Ticha Opuma: Obereka yekha ayi, matenda a ku Casablanca aja anamuchotsetsa chiberekero. Koma kuyambira 1954 anayamba kutenga ana, awiri oyamba ku Japan, kenako Finland, Colombia, Algeria, Ivory Coast, Venezuela, Morocco ndi France momwemo, onse 12, anyamata 10 atsikana 2. Ankawatcha fuko la utawaleza. Cholinga chake chinali kuonetsa dziko kuti ana a khungu losiyana ndi zipembedzo zosiyana angakule ngati abale, mpaka ena anachita kuwagawira chipembedzo choti akule nacho. Milandes anaisandutsa malo okopa alendo, anthu ankalipira pageti kudzaona malowo komanso anawo.

Dolo wa Ndirande: Madonna wa nthawi imeneyo uyu

NaBanda: Ine nkhani ya kulipira pageti yandiipira. Mwana si chionetsero. Olo ukhale ndi cholinga chabwino bwanji, mwana akamasewera alendo nkumamujambula kumpanda amadziwa kuti pali chomwe akugulitsa. Paja Madonna atatenga mwana ku Mchinji mu 2006 tinakangana chonchi pa wailesi, ena amvekere mwana wapulumuka, ena amvekere bwanji osathandiza bambo ake amulere okha. Koma Madonna sanaike geti.

Mwana wa Chanco: Ndipo taonani mmene zazungulirira, iye azungu ankalipira kudzamuonerera ngati chachilendo, kenako iye nkulipiritsa anthu kudzaonerera ana. Mwina njira yophunzitsira anthu yomwe ankaidziwa inali siteji basi.

Mai Mvano: Apa nde ine ndimuikira kumbuyo, mudabwa. Ana 12 osabereka wekha si masewera. Ine ndikulera atatu a malemu mng'ono wanga kuphatikiza anga anayi, fizi yokha tsitsi latha. Ambiri oyankhula za ana amasiye sanasungepo olo mmodzi sabata imodzi. Za getizo analakwitsa, koma anawo ankadya, ankapita kusukulu, ankamutchula mayi.

Adimini: Lembani tsiku la lero, a Mai Mvano asintha timu kkkk

Mai Mvano: Sindinasinthe, za nthochizo ndikadali pomwepo.

Ticha Opuma: Ndalama nde sankazidziwa kusunga. Antchito ambirimbiri, nyama zoweta, ngongole pamwamba pa ngongole, Jo Bouillon anatopa nkusamukira ku Argentina. Mu 1964 katswiri wa mafilimu Brigitte Bardot anachita kupempha pa TV kuti anthu amuthandize, zinangochedwetsa chabe. Mu 1968 Milandes inagulitsidwa pa okushoni. Iye anakana kutuluka, anadzitsekera kukhitchini, mu March 1969 anamunyamula nkumuponya panja. Pali chithunzi chake atakhala pa masitepe a kukhitchiniko, atafunda bulangete m'miyendo, mpango kumutu, zaka 62. Ukachiona popanda kuuzidwa ungati ndi gogo wina aliyense amene alandilodi amutulutsira katundu.

NaBanda: Anayambira kukhitchini kwa eni nkudzathera pa sitepe ya khitchini yake yomwe. Mtima wanga wawawa.

Nasi wa ku Leeds: Sanathere pamenepo asisi. Princess Grace wa ku Monaco anamupezera nyumba ku Roquebrune pafupi ndi Monaco, iye ndi ana. Anabwerera pa siteji chifukwa ngongole sizidikira, mu 1973 ku Carnegie Hall ku New York anthu anaimirira kumuombera m'manja asanaimbe nkomwe, New York yomwe inamukaniza zipinda ija. Pa 8 April 1975 anatsegula shoo ku Bobino ku Paris yokumbukira zaka 50 chifikireni, holo kudzaza, Sophia Loren ndi Mick Jagger ali momwemo. Patangopita masiku awiri anamupeza ali chikomokere pabedi manyuzi omuyamikira ali mbwee pambali pake, mtsempha wa magazi unaphulika m'mutu. Anamwalira pa 12 April ali ndi zaka 68. Mwambo wa maliro unachitikira ku tchalitchi cha La Madeleine ndi ulemu wa asilikali.

Mjoni: Ndinamva kuti anamuika ku Panthéon komwe kuli akuluakulu a France, nzoona?

Ticha Opuma: Pa 30 November 2021, pulezidenti Macron ndi amene anatsogolera mwambowo, mkazi wakuda woyamba kulowa mmenemo, momwe muli anthu ngati Victor Hugo ndi Marie Curie. Koma thupi lake silinasunthe, banja linafuna likhalebe ku Monaco komwe anaikidwa mu 1975. M'bokosi lomwe asilikali a ndege ananyamula tsikulo munali dothi lochokera malo anayi, St. Louis, Paris, Milandes ndi Monaco.

Mwana wa Chanco: Ena ku France komweko anadandaula kuti boma lasankha munthu wakuda amene ankaitamanda France, kuti lizioneka loyera, pomwe ana a anthu ochokera ku Mali ndi Senegal akusechedwa ndi apolisi tsiku ndi tsiku. Ine ndikadali pakati, mayiyu ndamulemekeza koma amene akumugwiritsa ntchito sindikuwakhulupirira.

Mai Mvano: A Ticha munditumizire ku inbox chithunzi cha pa masitepe chija. Chimenecho chokha, enawo ayi.

Dolo wa Ndirande: Koma anthuni bokosi lopanda mtembo? Kwathu mtembo ukasowa m'bokosi timaikamo thunthu la nthochi. Azunguwa anaphonya mwayi, apa nde pamafunika nthochi penipeni

Mai Mvano: Adimini mchotseni mwanayu pagulu pano, maliro saseweretsa.

Adimini: Ndamupatsa yelo kadi amayi. Dolo ukayankhanso ndi redi.